Mzati Umene Unkayankha

Kwathu ku Kasungu sindinaonepo nyumba yokalamba. Nyumba inali ya mitengo ndi dothi. Ikayamba kupendekeka anthu ankamanga ina pambali pake, ndipo mwini wake akamwalira ankaigwetsa, pamalopo n'kumera maungu. Munthu ndiye ankakalamba, nyumba ayi. Nyumba yokalamba ndinakaiona koyamba ku ukwati, kumwera kwa Mzimba, kupitirira Embangweni. Ndiyo inandisiyira khalidwe limene adzukulu anga amandiseka nalo lero, logogoda pa mzati kapena pa mphuthu ya chitseko ndisanakhale pansi m'nyumba ya eni.

Ine anandilowola ndi ng'ombe. Malume anga ataziona ng'ombezo anaiwaliratu kuti kwathu mwamuna ndiye amatsata mkazi, ndipo ndinangopezeka ndili pakati pa anthu olankhula Chitumbuka, mtengwa wopanda m'bale. Kumeneko mtengwa amamutcha mkamwana, ndipo mkamwana ali ndi malamulo osawerengeka. Lalikulu linali la apongozi aamuna. Sindinkayenera kuwayang'ana kumaso, kuwalankhula, kutchula dzina lawo, ngakhale kukhudza chinthu chawo. Tikakumana panjira ndinkapatuka n'kugwada chozolika, kaya pali minga kaya pali linthumbu. Ndikakhala ndi mawu ndinkauza alamu anga, mlongo wa mwamuna wanga, iwo n'kuuza azakhali a pamudzipo, azakhaliwo n'kukafikitsa. Mawu akayenda ulendo wotere amafika ataonda. Mwamuna wanga akanatha kundilankhulira, koma msonkho wa boma unali utamuthamangitsira kukagwira ntchito ku Halale. Anandisiya ndi mwana mmodzi, kamtsikana kongogweluka kumene mano akutsogolo.

Apongozi angawo anali mmisiri. Ali mnyamata anakaphunzira ku mishoni kuumba njerwa ndi kupala matabwa, ndipo atabwerera anamanga nyumba yoyamba ya njerwa zootcha m'dera lonselo. Mkati mwa sabata inali sukulu, Lamulungu inali tchalitchi. Inali yaitali, yofoleredwa ndi udzu, ndipo denga lonse linkatsamira pa mtanda umodzi woyenda kuchokera kukhoma lakum'mawa mpaka lakumadzulo. Pakati pa nyumba panali mzati wonenepa wochirikiza mtandawo, umene amati anaukoka ndi ng'ombe kuchokera kuphiri. Pamene ine ndinkafika, ana amene anayamba kuphunzira m'menemo anali atabereka awo ana. Njerwa zinali zitada, mapaso atada ndi mwaye wa nyali, ndipo chitseko chinali chitadulidwapo m'munsi chifukwa chinkakhula pansi potsegula. Palibe amene anafunsa chimene chinkachititsa kuti chitseko chizikhula.

Chaka chilichonse, mitengo ikaphuka masamba ofiira mvula ili pafupi, apongozi ankaiyendera nyumba yawoyo ndi nyundo. Ankagogoda mphuthu, mazenera, nsanamira za pakhonde, pomalizira pake mzati wapakati. Akagogoda ankapendeketsa mutu n'kumvetsera, kenako n'kunena mawu amodzi m'chilankhulo chawo: “Yakhora.” Ndiye kuti yalimba. Akuluakulu otsagana nawo ankawomba m'manja, nkhani n'kuthera pomwepo mpaka chaka chamawa.

Koma panali chinthu chimene mudzi wonse unkachidziwa, osachinena. Chiwadwalireni nthenda ija ya chifuwa imene inasesa anthu itatha nkhondo ya azungu, apongozi sankamvanso. Ankayankha poyang'ana milomo ya anthu. Mwana wanga akamawaimbira nyimbo za kusukulu ankamuyika dzanja pamsana, n'kumagwedeza mutu potsata kunjenjemera kwa chifuwa chake. Umo ndi mmene ankamvera. Pa mitengo ya nyumba yawo sankayikapo dzanja, chifukwa mmisiri amamva mtengo ndi khutu, ndipo kuyika dzanja kukanakhala kuvomera pagulu kuti khutu linafa. Ankapendeketsa mutu monga kale, ndipo anthu ankawomba m'manja monga kale.

Ife akazi ntchito yathu pa nyumbayo inali kuzira. Loweruka lililonse tinkasenza dothi la kudambo, n'kuzira pansi ponse kuti Lamulungu pakhale posalala. Akazi a kumeneko, kunena chilungamo, amazira bwino kuposa ife. Pozungulira mzati ankakwezako dothi n'kulikulungiza ndi mwala wa kumtsinje mpaka kuwala, ndipo amene wapatsidwa malo amenewo ankadziwa kuti akumuyesa. Chaka chimenecho anandipatsa ine.

Linali Loweruka lotentha, dzuwa lili paliwombo. Anzanga anali atamaliza zigawo zawo n'kutuluka kukasamba m'manja, ine ndikulimbana ndi patsinde pa mzati. Ndinangoona zithunzi za anthu pakhomo: apongozi ndi akuluakulu awo, nyundo ili m'manja. Pothawira panalibe. Ndinachita zimene ndinaphunzitsidwa, ndinazolika pomwepo, nkhope kudothi, khutu langa litatsala pang'ono kukhudza mzatiwo. Anazungulira nyumba yonse akugogoda, kenako mapazi awo anadzaima pafupi ndi ine.

Anagogoda. Mtengo wamoyo ndimaudziwa kulira kwake, ndinakulira pa mtondo ndi munsi. Uwu unalira ngati chikho chopanda kanthu. Ndinamva mawu aja, “Yakhora,” ndinamva kuwomba m'manja, mapazi n'kutuluka. Ine ndinatsala chizolikire kudikira kuti apite patali.

Ndi pamene mzati unayankha. Unayamba pansi, pafupi ndi tsaya langa, kaphokoso kakang'ono kwambiri, ngati mvula ikamabwera kuchokera kutali m'munda wa chimanga chouma. Kanakwera m'mwamba mwa mzati, kanafika pa mtanda, kanagawikana, kena kum'mawa kena kumadzulo, mpaka denga lonse linali kunong'ona pamwamba panga. Kenako zii. Kunja nyenje zinali kulira ngati palibe chachitika. Nditakweza maso ndinaona pa mzatipo kamalo konyezimira ndi mafuta a nsatsi, msinkhu wa mwana atakhala pansi. Ndinkadziwa mwini wake. Ana aang'ono ankakhala pansi kutsogolo mozungulira mzati, ndipo wanga, ndi ulesi wake wotengera kwa bambo ake, ankakonda kutsamiritsa mutu pomwepo.

Ndinapinda chala n'kugogoda pang'ono. Unayankhanso.

Chiswe ndinkachidziwa, ndani sachidziwa. Koma chiswe cha kwathu chinkadya nyumba poyera, chikumanga njira zake za dothi pakhoma, munthu n'kuzikanda ndi chikhadabo. Ichi chinali m'kati, kunja mtengo uli bwinobwino wosalala. Ndinayang'ana kudenga ndipo ndinazindikira chinthu china chimene ndinkachiona masiku onse osachiganizira. Zisa za anamzeze zinalipo pa mtanda, koma zonse zinali zakale, zopanda mbalame.

Madzulo ake, tikusinja, ndinawauza alamu anga. Anaimika munsi n'kuyang'ana uku ndi uku.

“Chete, mulamu! Kuno sitiyowoya choncho. Adada agogoda okha lero, anthu onse aona.”

“Agogoda, koma amva?”

“Ndapota, musabwerezenso mawu amenewo. Mukufuna nyumba igwetsedwe mwini wake ali moyo? Mbwenu mukuwaitanira maliro.”

Apo ndi pamene panali mfundo. Kwa iwo monganso kwathu, nyumba imagwetsedwa mwini wake atamwalira. Kunena kuti denga la apongozi litsitsidwe kunali ngati kuyamba kuwakumbira manda iwo akudya. Komabe ndinawakakamiza alamuwo mpaka anakauza azakhali. Zimene azakhali anakanena sindinazimve, koma yankho linandipeza mawa lake: apongozi akuti yewo chomene, ndiye kuti zikomo kwambiri, amva kuti mkamwana wawo amaisamala nyumba ya Mulungu. Ndinapsa mtima mpaka ndinalephera kudya. Ndinatumiza moto, kunakafika phulusa.

Ndinapita kwa aphunzitsi, mnyamata wofatsa amene anaphunzira kuwerenga m'nyumba yomweyo. Anandimvetsera mwaulemu, n'kundiuza kuti mmisiri wayendera kale, iwo ndi ndani kuti atsutse. Koma Lolemba lake mwana wanga anabwera ndi nkhani yoti aphunzitsi asuntha tebulo lawo, tsopano akukhala pafupi ndi chitseko chifukwa akuti kutsogolo kulibe mphepo. Ndinaseka kuseka kowawa. Nawonso anali atagogoda.

Pofika Lachitatu mudzi wonse unkadziwa kuti mkamwana wa ku Kasungu akumva mawu m'tchalitchi. Ena anati ndagwidwa ndi vimbuza, mizimu ija imene amaivinira kumeneko, ndipo mayi wina wachifundo anandinong'oneza kumene kuli woimba ng'oma. Ena anati ndi chikunja cha kwathu chikundiitana. Popita kumadzi akazi ankasiya kulankhula ndikafika. Ndinamuletsa mwana kupita kusukulu. Anakhala masiku ochepa chabe, alamu anabwera kudzamutenga, akuti agogo ake afunsa. Ndinati mwana ndi wanga. Anandiyankha mosakweza mawu kuti ng'ombe zinapita ku Kasungu, mwana ndi wa pamudzi pano. Kwathu mawu amenewo akanadzetsa ndewu, koma kuno anali oona, ndipo ndinaima pakhomo n'kumuyang'ana akupita, sileti lili kukhwapa.

Atabwerako ndinamugwira mapewa. “Usamakhale pa mzati paja, wamva?”

“Chifukwa chiyani, amayi? Pamakoma. Umatinong'oneza.”

“Ukuti chiyani?”

“Aphunzitsi akatuluka timaugogoda, ndiye umayankha. Kale unkayankha pansi pokha. Tsopano umayankha mpaka kumwamba.”

Ananena akumwetulira ndi mpata wa mano ake uja. Ana onse ankadziwa, ndipo anali ataupanga kukhala masewera.

Masiku amenewo mitambo inali itayamba kuunjikana masana cha kumadzulo, n'kubalalika dzuwa likamalowa. Munthu aliyense amene anasenzapo mtolo wa udzu wonyowa akudziwa kusiyana kwake ndi wouma. Ndinkayang'ana denga lija, udzu wa zaka ndi zaka wofoleredwa pamwamba pa unzake, n'kumaganiza za mvula yoyamba. M'mawa uliwonse belu la sukulu likalira ndinkamuyang'ana mwana wanga akukalowa pansi pa denga limenelo. Amene wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, amatero akuluakulu, ndipo ndinaona kuti m'mudzi monsemo wamva m'mimba ndine.

Loweruka lotsatira tinazira monga mwa nthawi zonse. Anzanga atatuluka ndinatsala dala, chifukwa ndinali nditamva kuti apongozi abwera kudzakonza benchi yothyoka mwendo. Anabweradi, ali okha. Atandiona anaima pakhomo n'kutembenuzira nkhope kumbali, kundipatsa mpata woti ndizolike kapena ndituluke. Sindinachite chilichonse mwa ziwirizi. Ndinaimirira.

Kulankhula sikukanathandiza. Kuti amve ndikanayenera kukuwa, ndipo ngakhale kukuwako sakanakumva. Ndinayenda n'kukawagwira pamkono ndi dzanja langa lamatope. Mkono wawo unauma gwa, ngati wa munthu amene waponda njoka. Ndinawakoka, ndipo mwina chifukwa cha kudabwa, anatsatira. Ndinatambasula chikhatho chawo n'kuchikanikiza pa mzati, pamalo ponyezimira paja pamene mdzukulu wawo ankatsamira. Kenako ndinasolola nyundo m'dzanja lawo linalo, chinthu chimene ngakhale ana awo sankachikhudza, n'kumenya mzatiwo.

Tinadikira. Mzati unayankha, kuchokera pansi kukwera m'mwamba, n'kufalikira pa mtanda wonse.

Aka kanali koyamba kuona nkhope ya apongozi anga pafupi. Anali ndi chipsera pachikope, ndipo maso awo anali ofanana ndi a mwana wanga. Ndinaona masowo akukula. Sanachotse dzanja. Anagunditsa chipumi chawo pa mtengowo, n'kundilozera kuti ndimenyenso. Nditamenya anatseka maso, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali. Kenako anakanikiza chala chachikulu pa mzatiwo. Chala chinalowa ngati mu dzungu lowola. Pachibowopo panayamba kutsika dothi lofiira, louma, ndipo potulutsa chala chinatuluka ndi agang'a, chiswe chija cha mitu ikuluikulu, atachiluma.

Sanayang'ane kudenga. Anayang'ana pansi, pa dothi langa losalala lija, ngati munthu wotaya singano. Anazungulira mzati akuyang'anabe pansi. Ndipo anakuwa, ndi mawu osadziwa kukula kwake a munthu wosamva:

“Libwe lili nkhu?”

Ankafunsa kuti mwala uli kuti. Ine sindinadziwe kuti mwala wanji. Kukuwako kunaitana anthu, ndipo pakhomo panadzaza mitu. Onse anaona chidindo cha zala zanga zamatope pamkono wa apongozi, ndipo ndinamva azakhali akufuula ngati aona maliseche. Apongozi sanawasamale. Analanda khasu kwa munthu wina n'kuyamba kukumba patsinde pa mzati.

Dothi linkatuluka m'magawo opyapyala, lakuda, lotuwa, lakudanso, Loweruka pamwamba pa Loweruka. Anakumba mpaka dzanja linkalowa kufika pachigongono. Pamenepo khasu linalira pa mwala. Unali mwala waukulu waphwatalala, ndipo mzati unali utaima pamwamba pake. Mayi wina wokalamba anagwira pakamwa, akuti waukumbukira, kale unkaonekera ndipo ankakhalapo ana. Apongozi anauika dala pomanga, kuti mtengo usakhudze nthaka, ndi kuti chiswe chikafuna kukwera chiyambe chaoloka pamwala poyera pamene munthu angachione. Koma akazi, pofuna kukongoletsa nyumba ya Mulungu, ankazira sabata ndi sabata, pansi n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka mwala unamira, dothi n'kukumbatira mtengo. Amuna sayang'ana pamene akazi azira, akazi sanauzidwe ntchito ya mwalawo, ndipo mmisiri poyendera nyumba yake maso ankakhala m'mwamba. N'chifukwa chake chitseko chinkakhula.

Apongozi anakhala pansi pamphepete pa dzenjelo. Patapita nthawi anadzuka n'kulamula kuti mabenchi onse atulutsidwe apite pansi pa mkuyu, ndipo munthu asalowenso. Kenako anati denga litsike.

Palibe mwamuna amene anasuntha. Anabwereza, amuna n'kumangoyang'ana zala za kumapazi. Ndiye nkhalamba ija inakatenga makwerero ake, inawatsamiritsa pakhoma la njerwa, inakwera yokha n'kuzula udzu woyamba ndi manja ake. Udzuwo utagwa pansi, azakhali anayamba kulira maliro. Sanafune, zinangowatuluka, ndipo akazi ena anawalandira. Dzuwa lili phwee, munthu ali moyo pamakwerero, mudzi ukumulira. Zimenezo sindidzaziiwala. Anyamata anachita manyazi n'kukwera kukawatsitsa, ntchito n'kuipitiriza okha, akuponda pakhoma pokha monga anawalangizira.

Anasasula masiku angapo. Pofika pa mtanda anaumanga zingwe kuti autsitse bwino, koma utangosuntha pang'ono unathyoka pakati, pamwamba penipeni pa mzati. Unagwa ndi mdidi umene ndinaumva m'mano. M'kati mwake munalibe mtengo. Munali dothi lofiira lokhalokha, lotsendereka, khungu la mtengo likungolikuta kunja. Chiswe chikadya chimatseka pamene chadya ndi dothi, ndipo dothi louma ndi limene linkasenza denga pamwamba pa ana athu, sitikudziwa kwa zaka zingati. Zidutswazo anazikokera kunja n'kuzisiya pabwalo.

Mvula yoyamba inagwa sabata yomweyo, masana, ana ali pansi pa mkuyu, ndipo anathawira m'makonde akuseka. Itakata ndinapita kukaona. Mtanda uja unali utasungunuka. Pamalo pake panali mulu wautali wa matope ofiira, wooneka ngati mtumbira watsopano, ndipo anthu odutsa ankaulambalala.

Ine anandilipitsa nkhuku chifukwa chogwira apongozi, ndipo ndinapereka ya nthenga zonyankhalala, yoipitsitsa m'khola langa. Mwambo unabwerera m'malo mwake. Tikakumana panjira ndinkazolika, iwo n'kudutsa. Sanandilankhulepo mawu ngakhale amodzi, kapena kunditumizira yewo kudzera kwa azakhali. Ndinkawaona patali akusema mzati watsopano, akuwonda, akupuma kawirikawiri. Mwala uja anaufukula n'kuukweza, ndipo anaitana akazi onse n'kuwalozera pamene dothi lawo liyenera kulekezera. Denga latsopano sanalione. Anagona chimanga chikumasula, ndipo sanadzukenso.

Kutatsala masiku ochepa kuti agone, ndinatsegula chitseko changa m'mawa n'kupeza nyundo ija pakhonde. Mpongozi wamwamuna safika pakhomo pa mkamwana, koma pa dothi lonyowa panali mapazi awo, obwera ndi obwerera, ndi timabowo ta ndodo pambali pake. Ndinaitola n'kuibisa mu mtsuko wa mawere, ndipo ndili nayo mpaka pano.

Pa maliro awo palibe amene anakhala pafupi nane. Denga linatsitsidwa, mwini wake analitsatira, ndipo aliyense ankadziwa amene anayambitsa. Mwamuna wanga atabwera kuchokera ku Halale anamva nkhaniyo kwa alongo ake asanamve kwa ine, ndipo sanandifunsepo. Alipo okalamba anzanga kumudzi kuja amene mpaka lero amati apongozi anga ndinawapha ndine. Sindikangana nawo, chifukwa masiku ena nanenso ndimaganiza choncho, ndipo zimandipweteka. Kamtsikana kaja kali ndi imvi tsopano, ndipo kakabwera kudzandiona kamakhala pansi n'kutsamiritsa mutu pa mzati wa khonde langa.